Mawu a Bambo Sakufika Kumudzi

Ndipo ngati vuto silinali m'mawaya, silinali m'maiki, silinali mu netiweki ya nyumba ya okalambayi — zonsezi Fuatino anali ataziyesa kuyambira m'mawa, zina mobwerezabwereza ngati munthu wosakhulupirira maso ake — ndiye kuti linali litatsala m'malo awiri okha: mu pulogalamu imene analemba yekha, kapena pakhosi pa bambo ake. Malo oyambawo ankawadziwa mzere ndi mzere. Achiwiriwo anali kuseri kwa khoma la njerwa lija, pa zenera la makatani obiriwira, pafupi poti munthu akhoza kuponya mwala n'kufika, koma iye anali m'galimoto, pansi pa mtengo wa bulugamu, laputopu ili pamiyendo, thukuta likutsikira kumsana.

Anadziuza kuti wakhala panja chifukwa netiweki ya nyumbayo imafika bwinobwino poimika magalimoto, ndipo zinali zoona. Anadziuzanso kuti m'chipinda cha wodwala si mogwirira ntchito, izinso zinali zoona. Koma zoona ziwiri zimatha kusanjikizana n'kuphimba bodza limodzi, ndipo Fuatino, amene ankadyera kusaka zolakwika zobisala m'mapulogalamu a mafoni a pa intaneti ku kampani ina ya mu Brisbane, sanali munthu woti zimenezi zingamudutse. Ankangosankha kusayang'anako.

Kabokosiko anakapanga yekha bambo atangodwala sitiroko. A Peniamina, amene anaphunzitsa kwaya moyo wawo wonse, poyamba kumudzi kwawo pa chilumba cha Savai'i kenako kutchalitchi cha Asamoa kuno ku Logan, pafupi ndi Brisbane, anatsitsimuka m'chipatala dzanja lamanja litafa, mawu atathawa. Pakamwa panangotsala kamawu kamodzi kopanda mutu, kamene ankakanena akafuna madzi, akamva kupweteka, ngakhale akamuona iye akulowa. Foni sakanatha kuigwira. Kumudzi nakonso intaneti ndi ya mwayi, imabwera ndi mphepo n'kupita ndi mvula, koma foni wamba imagwira. Tsono Fuatino anagula kakompyuta kochepa ngati sopo, anakamangirira sipika ndi maiki, n'kukaika pa kabati ya pambali pa bedi. Mkati anaikamo pulogalamu ija yoyendetsera mafoni imene anthu a ntchito yake amatenga mwaulere n'kumangapo zawo, ndipo pamwamba pake analemba chosakaniza mawu, kuti belu la mapemphero a madzulo likalira kumudzi — kuno dzuwa likadali m'mwamba, poti kwawo kumada msanga — kabokosiko kaziimbira foni a Siniva, azakhali ake a Fuatino, mlongo wawo wa bambo, kaziimbiranso mchimwene wake Filemoni ku Auckland, n'kuwalumikiza onse, aimbe nyimbo ya madzulo ngati ali pamphasa imodzi.

Ntchitoyo inali yokongola, ndipo ankaikonda, ngakhale lero. Mawu a munthu aliyense ankafika atadulidwa tizidutswa tating'onoting'ono, tafupi kuposa kuphethira kwa diso. Kalikonse kankagona kanthawi m'memori, malo amene kompyuta imagwirizira zinthu isanazitaye. Chosakanizacho chinkatola tizidutswa ta onse, n'kutiphatikiza, n'kutumizira aliyense mawu a anzake kuchotsapo ake. Kenako tatsopano tinkabwera n'kugona pamwamba pa takale, takalewo n'kutheratu. Palibe chimene chinkasungidwa. Anachita dala zimenezi, ankati mapemphero a anthu si ojambula. Lero ndiye ankanong'oneza bondo, chifukwa nyimbo zonse za sabata ino, zimene azakhali ankati bambo sakumvekamo, zinali zitadutsa m'memorimo n'kufufutika, osasiya pomwe munthu angayambire kufufuza.

Chimene ankaona pa laputopu nthawi ya mapemphero chinali mizere itatu yobiriwira yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. Wa kumudzi unkavina. Wa Filemoni unkavina mopitirira, poti iye amaimba ngati akuitana boti lomwe lanyamuka kale. Wachitatu, wa m'chipinda cha bambo, unkagwedezeka pamene Noeleen, mayi wowasamalira, ankapereka moni kuti a Ben, monga ankawatchulira a Peniamina, ali pano, ali maso, akumvetsera — koma nyimbo ikangoyamba unkagona pansi kuti zii, osadzukanso mpaka ameni.

Dzulo azakhali sanadikire kuti anthu abalalike. Anafunsa motsitsa, osakalipa, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri.

"Tino, mwanawe, undiuze zoona. M'chipindamo muli munthu?"

Anati iwo ndi wamkulu, anaika kale m'manda amuna awo ndi ana awo omwe, uthenga woipa sungawaphe. Chimene sangapirire ndi kusonkhanitsa banja lonse madzulo aliwonse, adzukulu atasamba, n'kumaimbira bedi lopanda kanthu pamene ana a mlongo wawo akubisa maliro poopa kusweka mtima kwa nkhalamba. Anati aimbanso kamodzi kokha, ndiye lero. Akapanda kumumva mlongo wawo, foniyo aitsekera m'sutikesi, ayambe kulira ngati mmene anthu amalirira.

Fuatino anayankha mwamsanga, mwina mofulumira kwambiri, kuti bambo ali moyo ndipo amaimba, vuto ndi makina. Mawu oyambawo, oti ali moyo, akanawalumbirira pamaso pa aliyense. Ankabwera m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ankawapukuta kukamwa, ankawadzola mafuta dzanja lakufalo. Koma achiwiriwo, oti amaimba — awa anali obwereka. Anawamva kwa Noeleen, amene anamuuza tsiku lina kuti wailesi ya m'chipinda chochezeramo inaika nyimbo yakale ya kutchalitchi, a Ben n'kuitsatira ndime yonse, ndi mawu ake omwe, ndipo adokotala akuti zimachitika, kulankhula ndi kuimba zimayenda njira zosiyana m'mutu. Fuatino anaugwira uthengawo ndi manja awiri, anamangapo kabokosi, anamangapo lonjezo, anasonkhanitsirapo mudzi. Koma tsopano, m'kutentha kwa galimotoyi, ankakumbukira kuti Noeleen ndi mayi amene amauza banja lililonse kuti munthu wawo wadya bwino lero, ngakhale mbale ikubwerera yodzaza — osati mwa bodza, ayi, mwa chifundo, koma chifundo ndi chimene munthu wofufuza ayenera kuchikayikira poyamba.

Foni inalira pampando. Anali Filemoni.

"Iwe katswiri, wapeza?"

"Ndikufufuza."

"Uli kuti?"

"Ndili konkuno."

"Konkuno m'chipinda, kapena konkuno m'galimoto?"

Nyenje za mumtengomo zinali zikulira ngati zalipidwa, ndipo anadziwa kuti mchimwene wakeyo akuzimva.

"Tino, makutu uli nawo awiri, aulere. Lowa ukamve."

Fuatino anayamba kufotokoza kuti nthawi ya nyimbo ayenera kukhala pa laputopu, aziona mizere, azigwira chilichonse chimene chingasokonekere, ndipo Filemoni anaseka, koma osati monyoza, n'kunena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, iye ali kutsidya la nyanja, dzanja lake silingafike. Analonjeza kuti lero aimba motsitsa kuti asaphimbe adadi. Fuatino anamuuza kuti chibadwire sanaimbepo motsitsa, ndipo onse awiri anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali. Foni itaduka anakhala akuyang'ana chiwongolero, akumukwiyira Filemoni chifukwa cholondola, chifukwa chokhala kutali kumene kulondola n'kosavuta, chifukwa chobadwa ndi mawu amene bambo ankatembenukira n'kumwetulira — kenako mkwiyowo unamuthera, poti anakumbukira kuti munthuyo amasiya ntchito pakati madzulo aliwonse n'kukabisala m'chipinda chosungiramo katundu kuti aimbire bambo ake.

Anabwereranso ku pulogalamu, kuyambira pachiyambi. Mwina tizidutswa ta kumudzi ndi ta m'chipinda tikusiyana kukula. Ayi, zimenezo anazikonza kalekale, tsiku lija azakhali anamveka ngati kamwana ka m'kalasi yoyamba. Mwina pophatikiza mawu zinthu zikusefukira, Filemoni akumiza aliyense. Anawerengetsa, malo analipo okwanira. Mwina ndi chija chimene chimamva kuti munthu wakhala chete n'kusiya kutumiza, chimene chikhoza kuyesa mawu ofooka kuti ndi chete — chimenechi anachizimitsa tsiku loyamba, poganizira mawu a munthu wodwala, ndipo anadzitamira mumtima kuti waganiza patsogolo; anayang'ananso, chinali chozimitsa ndithu. Mwina akulemba kadutswa ka bambo m'malo olakwika, kena n'kukagonera kasanatengedwe. Anatsatira kadutswa kamodzi ulendo wake wonse, kuchokera pa maiki mpaka potulukira, ndipo kanafika bwinobwino. Chilichonse chimene chinkapezeka cholondola chinkamukankhira ku zenera lija. Ntchito yake yonse sanapemphepo kuti apezeke wolakwa, koma lero ankapempha, ankachonderera mizere yake yomwe kuti umodzi ukhale wopusa, ukhale wochititsa manyazi, woti anzake a kuntchito akauona akhoza kumuseka chaka chathunthu.

Munthu anagogoda pagalasi. Anali Noeleen, atatuluka kukapuma, m'manja muli kapu ya madzi ozizira. Anati mwanawe upsa muno, anthu amafera m'magalimoto chonchi. Anati bambo ako ali maso, ndawapesa, ndawaveka malaya a maluwa aja, ndipo chidyereni chakudya cha masana maso ali pa kabokosi kako. Fuatino anamwa madziwo, anathokoza, kenako funso linatuluka lokha asanalikonze.

"Mumawamva ndithu akamaimba? Ndi makutu anu?"

Noeleen anayang'ana kumbali, kwa mbalame za milomo yaitali zimene zinkasanthula m'bini. Anafotokoza kuti nthawi imeneyo ndi ya mankhwala, iye amangopereka moni n'kutseka chitseko, apite kuzipinda zina.

"Koma milomo imayenda. Ndikamatuluka ndimaiona."

"Nanga tsiku la wailesi lija?"

"Lija ndinamva."

"Kamodzi?"

"Kamodzi. Koma ndinamva, mwanawe."

Anamusisita paphewa n'kubwerera mkati, nsapato zake zofewa zosamveka pa tala, ndipo Fuatino anatsala ndi mawu aja, milomo imayenda, akumuzungulira m'mutu. Pakuti ngati panali munthu pa dziko lino wodziwa kuti milomo imatha kuyenda popanda chotuluka, anali iye. Ali kamtsikana, m'holo ya kutchalitchi, anali ndi mawu akuthwa, othamanga, okonda kutsogola, ndipo tsiku lina bambo anaimitsa kwaya yonse ndi dzanja, anamuyang'ana — osakwiya, bambo sankakwiya pa nyimbo — n'kunena chimene ankauza aliyense, kuti amene akumveka yekha ndiye waononga nyimbo, woimba wabwino amabisala mwa anzake. Ana ena anamva langizo; iye anamva kuti atseke pakamwa. Kuyambira pamenepo ankaima pamzere wake atavala zoyera, akutsegula ndi kutseka milomo pa nthawi yake, mpweya wokha ukutuluka, zaka ndi zaka, ndipo palibe amene anazindikira — kapena bambo anazindikira, munthu womva liwu limodzi likasowa m'kwaya ya anthu ambirimbiri akanalephera bwanji, anazindikira n'kumusiya, podikira kuti abwerera yekha, kapena poona kuti nyimbo ikuyenda bwino popanda iye. Sanawafunsepo, ndipo tsopano wofunsidwayo anali ndi kamawu kamodzi koyankhira mafunso onse.

Apa ndi pamene china chake chinamugwira. Anakhala tsonga, nsana utamatira kumpando. Mayeso ake onse, kuyambira tsiku loyamba, anali olankhula: moni, moni, mukundimva, ndikukumvani, wina anene, wina adikire, monga amachitira anthu pa foni, monga ankaganizira amene analemba pulogalamu ija, anthu a m'maofesi amene amapatsana mpata. Koma anthu a kwawo pa mapemphero sapatsana mpata. Amalowa onse pamodzi, mawu amodzi, nthawi imodzi. Iye, mwana wa mphunzitsi wa kwaya, anapanga makina oimbira ndipo sanawayesepo ndi nyimbo, chifukwa kuyesa ndi nyimbo kukanafuna kuti wina aimbe.

Anatsegula pulogalamu yomweyo pa laputopu, anaiuza kuti sipika ndi maiki za pano zikhale ngati za m'chipinda cha bambo, anatenga nyimbo ya kwaya imene inali m'foni yake n'kuilowetsa ngati ikuchokera kumudzi. Inayamba kumveka m'galimotomo, mawu ambiri, odekha. Chimene chinatsala n'chakuti iye aimire bambo. Anayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu, koma anakwezabe magalasi onse ngakhale kunkatentha chotero. Anayamba ndi kulankhula mokweza pamwamba pa nyimboyo, ndipo mzere wachitatu unadumpha. Kenako anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali chadzimbiri, chonjenjemera, chosochera, mzerewo n'kumagwedezeka nacho pang'onopang'ono. Koma khosi limakumbukira zimene mwini wake anakana, linasakasaka mpaka linapeza njira, linalowa m'nyimbo, linatsika n'kukhala pakati pa mawu enawo mmene bambo ankafunira — ndipo ali mkati moimba choncho, akumva chifuwa chake chikunjenjemera, anaona mzere wachitatu ukutsika, kutsika, n'kugona pansi kuti zii.

Anaimitsa nyimbo ya m'foni, iye n'kupitiriza yekha: mzere unadzuka. Anaiyatsanso: unagona.

Chinali chofufuta mawu obwerera. Chinali mkati mwa pulogalamu yobwereka ija, choyatsidwa kale ndi eni ake, ndipo iye sanachikhudzepo chifukwa aliyense amachifuna: ntchito yake ndi kumvetsera chimene chikutuluka pa sipika, n'kuchotsa pa maiki chilichonse chofanana nacho, kuti woimba foni asamadzimve yekha akubwerera, ndipo a kutsidya akakweza mawu, icho chimapondereza a kuno, makamaka akakhala ofooka. Tsono munthu wodwala akamaimba nyimbo yomweyo, nthawi yomweyo, motsatira bwino, makinawo amati uyu si munthu, ndi mawu a kumudzi akugunda khoma, n'kumufufuta. Fuatino anaseka yekha m'galimoto yotsekayo, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, anawamvera chisoni makinawo, anawamvera chisoni bambo ake, munthu amene anaphunzitsa anthu kubisala m'nyimbo mpaka iye mwini n'kubisala koti ngakhale kompyuta yalephera kumupeza. Kukonza kwake kunali kwa mzere umodzi.

Koma chimwemwecho sichinakhalitse, chinazizira akadali nacho m'manja. Chimene anapeza chinali nsalu yotchinga, osati chimene chili kuseri kwake. Chofufutacho chikanafufuta bambo akuimba, inde; koma chikanaonetsanso mzere wogona womwewo ngati bambo ankangoyendetsa milomo. M'mawa anali ndi malo awiri oikapo mlandu, ndipo malinga ngati anali awiri ankatha kupuma. Akangozimitsa ichi atsala amodzi, ndipo adzamva onse pamodzi — azakhali, adzukulu osamba aja, Filemoni m'chipinda chake cha katundu — adzamva chimene chili m'chipindamo, kaya ndi nyimbo kaya ndi chete, popandanso makina oti awanamizire.

Ndipo pamenepo ganizo lina linabwera mwakachetechete, laulemu, ngati mlendo wodziwa khomo. M'foni yomweyi munali nyimbo ya madzulo imene bambo anajambulitsa zaka zapitazo kuti aphunzitsire amuna a besi, mawu awo okha, oyera, amphamvu. Chosakaniza chake sichifunsa kuti kadutswa kachokera kuti. Akhoza kutsegula khomo lachinayi m'memori, n'kumathiramo mawu amenewo pang'onopang'ono, atawatsitsa, atawafooketsa kuti amveke ngati a wodwala, n'kuwatumiza kumudzi kokha; palibe chimene chingasungidwe, tizidutswato tidzafufutika monga mwa nthawi zonse, azakhali adzagona mtima uli pansi, foni sidzalowa m'sutikesi — ndipo kodi limeneli ndi bodza, poti mawuwo ndi a bambo ndithu, ndipo bambo ali moyo ndithu? Zala zake zinali zitayamba kale kulemba, mizere ikutuluka yosalala, yopanda cholakwika, yokongola kuposa yonse imene analemba sabata ino. Analekeza pakati. Sanaope kugwidwa, ngakhale azakhali ndi munthu wodziwa mawu a mlongo wawo chibadwire. Chimene chinamuimitsa ndi malaya a maluwa aja: munthu wapesedwa, wavekedwa, akuyang'ana kabokosi kuyambira masana, akusunga timphamvu take tonse kuti achite chinthu chimodzi chimene mwina chamutsalira — ndipo mwana wake, ali panja, akukonza zomuphimba ndi mawu a munthu amene iye anali kale. Anafufuta mizereyo yonse, ndipo anachita manyazi ngati bambo amuona pa zenera.

Nthawi inali itatha. Dzuwa linali litapendeka, mthunzi wa bulugamu utachoka pa galimoto. Kumudzi belu liyenera kuti linali litalira, ana atathamangira m'nyumba. Anasintha mzere umodzi uja, anautumiza ku kabokosi, anakazimitsa n'kukayatsanso ali pomwepo, anavala mahedifoni. Anaganiza zoti ayambe wamvetsera yekha kaye asanalumikize kumudzi, kuti akapeza chete akhale ndi kanthawi kokonza chonena; koma anaona kuti sangathe kusenza yekha chimene angamve, ngakhale kwa kamphindi, ndipo analumikiza onse.

Mafoni analira uku ndi uku. Filemoni anayankha, anatsokomola. Kumudzi kunamveka nkhuku, mwana akulira patali, mphasa zikukokedwa. Noeleen anapereka moni wake, a Ben ali pano, avala bwino lero, kenako chitseko chinatsekeka. Fuatino analankhula mofulumira, anati azakhali, lero muzimva mawu anu akubwerera, musadabwe, musasiye, chonde musasiye kuimba. Azakhali ngakhale moni sanapereke. Anangoyambitsa nyimbo.

Banja lonse linalowa, Filemoni analowa, ndipo nthawi yomweyo zonse zinasokonekera monga ankayembekezera: mawu a kumudzi ankatuluka pa sipika ya m'chipinda, n'kulowanso pa maiki, n'kubwerera kwa eni ake mochedwa, nyimbo ikudziponda yokha. Mzere wachitatu unali ukuvina tsopano, koma kuvina kwake sikunkatanthauza kanthu, anali mawu a anthu omwewo akugunda makoma. Kamtsikana kena kanaseka kumudziko, wina anakaletsa. Amuna anasochera n'kusiya, amayi anayesa kulimbikira n'kusiya nawonso mmodzimmodzi, Filemoni anazimiririka pakati pa mawu, ndipo Fuatino anafuna kukuwa kuti musasiye, mukasiya iwonso asiya, sangayambe okha, amafuna wowatsogolera.

Azakhali okha ndi amene sanasiye. Mawu awo okalamba, ong'ambika m'mbali, anapitirira okha pang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kwawo kunkabwera mawu omwewo ochokera ku Logan, ochedwa, opyapyala, ngati amayi awiri akutsatana panjira. Fuatino anakanikiza mahedifoni ndi manja onse awiri, anatseka maso. Pansi pa mawu awiriwo panali china. Chinali chotsika, chokhakhala, chopanda mawu omveka, choti chikhoza kukhala makina oziziritsira chipinda, kapena galimoto ikudutsa kumsewu, kapena magazi a m'makutu ake omwe. Kumudzi kunalibe mwamuna amene ankaimba, Filemoni anali chete, mzere wake utagona. Ndipo azakhali atakwera, chinthucho chinakhala ngati chatsika, kamodzi, pamalo pamene besi imatsikira — kapena ndi iye amene ankafuna kuti chitsike, poti makutu a munthu wosowa amamva zimene apempha. Anazindikira kuti chitseko cha galimoto n'chotsegula, phazi lake limodzi lili pa tala wotentha, waya wa mahedifoni wakungika, ndipo sankadziwa kuti watsegula liti.

Kenako chotsikacho chinaduka, pakati pa mzere, pamalo pamene nyimbo siipumira. Panatsala mpata. Mumpatamo munamveka kaphokoso kakang'ono, konyowa, kokoka — ngati mpweya ukulowa movutikira m'chifuwa, kapena ngati nsalu ikukhuza maiki. Azakhali anali atafika pa mawu omaliza a mzerewo, ndipo sanawasiye. Anawagwira, anawakoka, kupitirira pamene nyimbo imalola, kupitirira pamene mpweya wa nkhalamba umafika, mawuwo akuchepa, akunjenjemera, akusanduka kaulusi, koma osaduka, akudikira kuti wina alowe pansi pake.